Nkhongo ya Onesimo

"Tsitsani burashiyo, achimwene!" Helena anakuwa, akugwedeza makwerero amene wopenta anakwerapo.

Kampani ya mafoni inkapaka penti pa babashopu ina ku Ndirande. Pakhomapo panali zithunzi za mitu isanu yoonetsa kametedwe, ntchito ya malemu mwamuna wa Helena, Onesimo, yemwe luso anadziphunzitsa yekha. Achibale atalanda katundu, sanamusiyire Helena ngakhale chithunzi cha mwamuna wake.

"Mayi, mundigwetsa!" wopentayo anadandaula. Mitu itatu inali itafufutika kale.

"Amuna anga anadzijambula okha pamenepa, ndi magalasi awiri. Asiyeni!"

"Mutu uti?"

Helena analoza wakumapeto.

"Imeneyotu ndi nkhongo chabe. Nkhope palibe."

"Zaka makumi awiri ndikuwapititsira chakudya, iwo maso kukhoma, atandifulatira. Ndikawakumbuka ndimaona imeneyo!"

Wopentayo anati pepani, naviikanso burashi.