Jenereta ya Overton pa Maliro a Nachisale

Overton, mwana wa mlongo wanga, anandilakwira mu 2009, tsiku lomwe mkazi wanga Nachisale anamwalira. Mtembo uli m'nyumba, iye analiza jenereta m'chigafa chake pa Nsaru n'kuyamba kuonetsa filimu. Chonsecho kuno kukagwa maliro, ngakhale wailesi timazimitsa.

Kutada, ndinanyamuka pasiwa kukamuuza kuti aleke.

Nditafika, ndinapeza akuonetsa gawo lachiwiri la filimu ya munthu wobisa nkhope, wobaya anzake ndi mpeni. Anthu a m'filimumo ankachita kuuzana okha kuti m'mafilimu otere wotuluka panja ndiye amafa, koma n'kumatulukabe. Oonera ankangofa nalo phwete.

"Iwe mtsikana, bwerera! Kodi gawo loyamba sunaonere?" anakuwa wina.

"Malume, dikirani ithe," anatero Overton. "Anthuwa achokera ku Kabudula."

Pa benchi yakumbuyo panakhala mayi atafunda chitenje kumutu. Sankaseka. Sankayang'ana ngakhale kanemayo, ankayang'ana anthu. Mapazi ake anali onyowa ngati angomusambitsa kumene.

"Wotsatira ndi uyo," anatero chapansipansi.

Mawu amenewo ndinakhala nawo nyumba imodzi kuyambira unyamata wanga. Chala chake chinaloza mabenchi akutsogolo, koma mumdimamo sindinaone kuti akuloza ndani. Ndinafuna kumutchula dzina lake, Nachisale. Nthawi yomweyo wina anabayidwa pa kanema, anthu n'kuomba m'manja.

Filimuyo anaionetsa mpaka kumapeto. Overton kumanda sanafike, ndipo mpaka lero sanabwere kudzapepesa.