Tochi Yogona Nayo Pamutu

"Iyi ikulemera," anatero mayiyo, n'kuikankhira pakauntala.

Inali tochi yachitatu kuikana. Imrani anaibwezera m'bokosi. Kunja kwa shopu yake, pamsika wa Migowi, mitambo inali itaunjikana pamwamba pa phiri la Michesi. Mvula inali pafupi. Aliyense ankaliyang'ana phirilo cham'mbali, ngati galu amene anakulumapo kale.

Imrani ankamudziwa mayiyo pang'ono chabe. Belita, wa kutsinde kwa phiri. Wogula mchere ndi machesi, wosakonda macheza. Lero ankafuna tochi ya pamutu, ija ya lamba.

"Nanga iyi, mayi? Yotchaja. Imawala mpaka kutsidya kwa mtsinje."

"Kwathu tikatchaja pachiyani, pachulu? Ndikufuna ya mabatire. Ndipo yowala kutali ayi. Yoonetsa pafupi basi, yosathobwa m'maso."

"Ndi yanu?"

"Ndi ya abambo akunyumba."

Imrani anasuzumira pakhomo. Pansi pa mtengo wa mango panaima mwamuna wa mapewa otambalala, atagwira njinga, atafulatira shopu. A Thomson. Pakaliyala ya njingayo panali nkhwangwa, yomangidwa ndi mphira.

"Ikhale yopepuka," anapitiriza Belita. "Yoti munthu agone nayo pamutu mpaka kucha, osamva kuti wavala kanthu. Manja onse awiri akhale omasuka."

Imrani anayang'ananso nkhwangwa ija. Yosawala kutali. Yogona nayo. Manja awiri. Nkhwangwa. Ngakhale mwana akanadziwa. Awa ndi owotcha makala. Amamanga misasa kuphiri, amagona pafupi ndi uvuni, amagwetsa mitengo anthu atagona. Tochi yowala kwambiri imawaulula kwa alonda a nkhalango.

Imrani anakulira ku Limbe. Kuno anabwera ndi maliro. Chaka cha namondwe Freddy, madzi anatsika m'phiri ndi miyala yaikulu ngati minibasi. Anakokolola nyumba ya mayi ake, mayiwo ali momwemo. Akumudzi anati ndi napolo, chinjoka cha m'phiri, chinkasamuka. Imrani anakana. Phiri analimeta ndi anthu, anatero, ndipo anthuwo ali ndi mayina. Analumbira kuti wowotcha makala sadzagula kanthu mushopu yake, ngakhale singano. Anthu anamuswera zenera. Anamutcha mlonda wa phiri wopanda yunifolomu. Makasitomala ena anathawira kwa anzake. Iye sanasunthe.

Pamsomali kumbuyo kwake panalendewera katochi kamodzi kotsala, kobiriwira, kochepa ngati bokosi la machesi. Belita anakaona. Anatambasula mkono n'kukatsitsa yekha. Anakayeza pachikhatho. Anakayatsa. Anadina mpaka kuwala kunafooka. Anaika zala zake patsogolo pake, n'kuzitembenuza uku ndi uku. Kenako anakalozetsa kumaso kwake. Sanaphethire.

"Ndi iyi," anatero.

"Siyogulitsa."

"Nanga mwaipachikiranji? Ndi kalendala?"

"Ndati siyogulitsa. Kwa inu."

"Kwa ine? Ndalama zanga zanunkha chiyani?"

"Utsi."

Belita anamuyang'ana kuyambira kuchipewa mpaka kumasandasi. Sanabweze tochi. Anakulunga lamba wake kudzanja, kawiri.

Imrani anazungulira kauntala n'kukaima pakhomo. Magazi anali atamukwera.

"Inu a Thomson!" anakuwa. "Mwatumiranji mkazi? Lowani mudzanene nokha kuti mukufuna kukamaliza phiri!"

Amayi ogulitsa tomato anatembenuka. Anyamata a kabaza anatembenuka. Ngakhale telala anaimitsa makina. A Thomson okha ayi. Anangoimabe, maso ali kumitambo, dzanja lili pachishalo.

"Mwaona mwano wakewo?" Imrani anauza gulu lomwe linayamba kusonkhana. "Munthu ndikumuitana ndi dzina!"

"Asiyeni," anatero Belita.

"Bweretsani tochi yanga."

"Sindibweza."

"Ndiitana apolisi."

"Itanani. Muitane ndi asilikali omwe. Adzandipeza pompano."

Wina anaseka. Wina anati, "Agulitseni, a Imrani, phiri si la bambo anu!" Imrani sanatembenuke. Mawu amenewo anawazolowera. Anatsekereza khomo ndi mkono wake.

"Wallahi, pali Mulungu, simutuluka nayo. Mayi anga sindinawaike m'manda, mukudziwa? Ali pansi pa miyala mpaka lero. Chifukwa cha anthu a nkhwangwa ngati amuna anuwo. Ndiye ine ndiwaunikire? Ndiwapatse maso oti akadulire bwino? Bola shopu itsekedwe."

Kumwamba kunagunda. Dontho loyamba linamenya lata. Amayi a tomato anayamba kufunditsa katundu wawo.

Belita anayandikira mpaka mphumi yake inatsala pang'ono kukhudza mkono wa Imrani. Sanakweze mawu.

"Mukuyesa munalira nokha chaka chimenecho?"

Imrani anatsegula pakamwa. Belita sanamupatse mpata.

"Amuna anga sanawotchepo khala ndi limodzi lomwe. Samva, chibadwire. Timalankhulana ndi manja. Usiku wa napolo mwana anandipulumuka kumsana, madzi n'kumutenga, iwo ali pafupi ngati pamene mwaimapo. Ndinakuwa. Ndinalankhula ndi manja onse awiri. Kunali mdima." Anakweza katochi kaja. "Chaka chino andiona. Chotsani mkonowo."