Mpando Wopanda Munthu

Telala anakankha msilikali wake woyera, nadina wotchi, kenako n'kupinda manja. Tsidya lina la bolodi kunali mpando wopanda munthu.

Inali ndime yomaliza ya mpikisano wa tchesi. Matebulo ena onse anali atawaunjika kukhoma, miyendo m'mwamba. M'holomo munatsala awiri okha. La amuna linali pakati, pansi pa fani, ndipo anthu analiunjirira ngati pachitika ngozi. La akazi analiika pafupi ndi khomo lopita kuchimbudzi.

Woti asewere ndi Telala anali mtsikana amene onse ankamutcha Nyerere, kaamba ka kuchepa thupi ndi kuluma kwake. Chikho cha akazi chinali m'manja mwa Telala kuyambira chaka chatha, pomwe Nyerere aka kanali koyamba kufika ndime yomaliza. Lamulo linkati munthu akachedwa, wotchi yake iziyenda ndithu. Nthawi yodikira ikatha, wagonja.

Woyimbira, bambo wadazi wovala jekete yothina, ankangopita pakhomo n'kubwerera, foni ili kukhutu.

"Sakuyankha," anatero. "Mayi, simukudziwa kumene ali?"

"Tidikire, bambo. Nthawi ikadalipo," anayankha Telala.

Iye pakhomopo sanayang'aneko n'kamodzi komwe. Maso ake anali pa jekete ya woyimbirayo. Amene anasoka analumikiza mkono wakumanzere mokhota, ndipo batani lapakati linali lamtundu wina. Anaziona zonsezi, koma mumtima munalibe kanthu. Panalibe mantha, panalibe chimwemwe. Zinali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Kumbuyo kwake anyamata awiri ankanong'onezana mokweza.

"Kathawa kamtsikana kaja."

"Kaona makamera, mimba yatentha. Dzulo paja kamadzimva."

Telala anayang'ana bolodi. Nyerere akadakhalapo, akadayankha ndi kavalo. Ankadziwa kaseweredwe kake monga ankadziwira kulira kwa makina ake osokera. Anayamba kusewera mbali zonse ziwiri m'mutu. Iye apa, Nyerere apo. Iye kutchinga kumanja, Nyerere kulowera kumanzere mwakachetechete, kudya msilikali mmodzi, kenako wina. Posakhalitsa mfumu yoyera inalibe kothawira. Anayambiranso ndi njira ina. Inafanso.

Kutebulo la amuna kunabuka m'manja ndi malikhweru. Mphezi, katswiri amene ankasewera mothamanga ngati wasiya madzi pamoto, anali atapambananso. Anaimirira, nakonza kolala, ndipo mtolankhani wamkazi anamuyandikira ndi maikolofoni.

"Zabwino zonse, katswiri. Koma tatiuzani, n'chifukwa chiyani akazi safika pamene mwafika inupa?"

Mphezi anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene funsolo analiyankhapo kale kambirimbiri.

"Ine sindinyoza akazi, ayi. Mutu ali nawo. Chimene alibe ndi njala. Masewerawa amafuna munthu woiwala zonse, woti ngakhale nyumba ikupsa, iye maso pabolodi. Taonani amene analembetsa: amuna holo yodzaza, akazi ongokwana benchi imodzi." Analoza ndi chibwano tebulo la kukhomo lija. "Ndipo umboni ndi uwo. Tsiku lalikulu ngati lero, mpando uli gwaa. Mkazi sasowa chifukwa."

Anthu anaseka. Ena anatembenuka kuyang'ana Telala kuti aone ngati apse mtima. Iye ankachotsa kaulusi kamene kanakanirira pa siketi yake. Anakakulunga ku chala, nakamasula, nakakulunganso.

Wotchi inalira. Woyimbira anapumira m'mwamba, nayimitsa masewera amene sanayambe n'komwe.

"Mwapambana, mayi. Pepani kuti zatha chonchi."

Anamugwira dzanja. Telala anabweza msilikali uja pamalo pake, pamzere ndi anzake.

Zikho anapereka pomwepo. Cha Mphezi chinali chofika m'chiuno, chokhala ndi makutu awiri ndi riboni. Cha Telala chinali ngati kapu ya tiyi yoikidwa pa kathabwa. Wojambula anati amwetulire, ndipo iye anaonetsa mano. Mtolankhani uja anabweranso.

"Mukumva bwanji kuteteza chikho osatuluka thukuta?"

"Bwinobwino."

"Mukuganiza kuti mnzanuyo anakuopani?"

Telala anayang'ana maikolofoni. Siponji yake inali yong'ambika m'mbali, yofunika singano.

"Amasewera bwino," anatero. "Kuposa ine. Kuposa ambiri muno."

Mtolankhaniyo anagwedeza mutu mwaulemu, monga amachitira munthu akamamva wopambana akudzichepetsa, nazimitsa makina ake.

Holo inayamba kuphwa. Ogwira ntchito ankakoka mipando, ndipo mmodzi anafunsa Telala ngati angatenge wa Nyerere uja. Iye anavomera ndi mutu. Anaika chikho m'chikwama, pakati pa tepi yoyezera ndi nsalu ya kasitomala, natseka zipi.

Ali pakhomo, Mphezi anamupeza, chikho chake atachikumbatira ngati mwana. Anzake ankamuitana panja, ataliza kale galimoto. Anatsitsa mawu.

"Achemwali, ine ndikupita ndi anzangawa kukanyowetsa kukhosi. Inu pitani molunjika kunyumba mukamulandire Nyerere. Wakhala yekha ndi bambo chiyambire m'mawa, ndipo kuwatembenuza pabedi kukufuna anthu awiri."

"Chabwino, achimwene."

M'nyumba imeneyo ana odziwa tchesi analimo atatu, ndipo onse anafika ndime yomaliza. Bambo awo atadzuka osatha kuyendetsa mbali imodzi ya thupi m'mawa umenewo, panafunika mmodzi wotsala, ndipo panalibe amene anayang'ana mwana wamwamuna.