Chule Amangirira Ulusi pa Chulu

Padangokhalatu Chule ndi Buluzi, onse okonda ngumbi. Koma ngumbi sizinena tsiku lotuluka, ndiye Buluzi ankathamanga chulu ndi chulu kukasuzumira. Chule akamafika, ankangopeza mapiko okhaokha.

"Ndi kudumpha kwanuko, achimwene, mufa ndi njala," anaseka Buluzi.

"Chaka chino ndidya basi," anatero Chule.

Anakapempha ulusi kwa Kangaude. Anamangirira umodzi pakamwa pa chulu chilichonse, nsonga zake n'kukulunga ku zala zake, n'kukhala phee. Mvula itakata, ngumbi zinagunda ulusi, chala chimodzi n'kugwedezeka. Chule analunjika komweko, nadya mpaka kulephera kudumpha.

Buluzi anatulukira ali wefuwefu, atazungulira dambo lonse pachabe.

"Mwachedwa, achimwene," anatero Chule. "Koma mapiko ndakusungirani."