Singano Yomaliza

Pa sitima yathu yankhondo, munthu akafera panyanja ndinkamusokera m'chinsalu chake chogonamo, poti wosoka ndinali ine. Singano yomaliza inkaboola mphuno, kuti ngati akadali moyo adzidzimuke.

Mu 1909, kufupi ndi Jamaica, Rudge wosonkhezera malasha anagwa osadzukanso. Lefutenanti Penhale anandiletsa kuboola.

"Zauve zakozo usiye, Tregear. Akuluakulu akutidikira padoko."

Mtima wake unali pa kukwezedwa udindo basi. Ndinamvera, chonsecho chinsalucho chinali chofundabe. Tinamuponya m'nyanja choncho. Mpaka lero ndikakumbuka ndimalavula.

Kutada, ndinakwera kukamanga chinsalu chotchinga mphepo pomwe Penhale ankalondera. Makwerero anali onyowa ngakhale nyanja inali bata, ndipo pankanunkha nsomba yovunda ndi utsi wa malasha.

"Ndabweretsa chinsalu, bwana."

Sanatembenuke. Anayankhula ngati wachimfine.

"Tregear, singano yako ili kuti?"

Ndinapisa m'thumba. Munalibe.

Atacheukira kunyali, ndinaona ulusi wanga wopaka phula utadutsa m'mphuno mwake, ukudontha madzi. Kumdima kumbuyo kwake, wina wodetsedwa ndi malasha anali akuukokabe pang'onopang'ono.