Mtedza wa Fuko ndi Gologolo

Padangokhala Fuko ndi mlamu wake Gologolo, masiku aja minda inkakwanira aliyense. Akakolola mtedza ankausanja, waukulu pansi kuti ukhale mbewu, waung'ono pamwamba kuti udyedwe msanga.

Una wa Fuko unali wothina. Iye ankangotola uwiri, n'kuusinthanitsa malo momwemo, kenako uwiri wina.

"Alamu, mukalambira m'menemo," anaseka Gologolo. "Tulutsani wonse pathanthwe, muone ndi maso."

"Maso ake ati, alamu? Ndipo thanthwelo si langa."

Gologolo anatuta wake wonse m'mphako, n'kuuyala pathanthwe. Ntchito inayendadi, ndipo dzuwa lisanapendeke mtedza unali m'mizere yooneka bwino. Koma pobwezera m'mphako ankangonyamula wokwana m'masaya. Iye ali paulendo wa kumphako, akhwangwala anatera n'kuyamba kudya mzere wa waukulu, poti anali atawasankhira kale.

Mvula yoyamba itagwa, Gologolo anaima pakhomo pa una wa Fuko chimanjamanja. Fuko anabwera ndi mbewu yodzaza manja.

"Kadzaleni, alamu. Musavutike kuusanja."

Masiku amenewo mlamu sankadikira kuti upemphe. Yanga yathera pamenepa.