Zala za Tadala

Mafuta ophikira sankagulidwa popanda aliyense kudontheza magazi pa kamakina koyeza magazi ka pakhomo. Mmodzi akapezeka ndi mafuta ochuluka m'magazi, ogulitsa ankalimana mafuta banja lonse, ndipo linkadya ndiwo zamadzi.

Nachisale ankadabwa kuti mwamuna wake, munthu wosachoka pachiwaya, amapulumuka bwanji. Tsiku lina akusambitsa mwana wake Tadala, anaona tizala tonse totupa, todzaza mabala a singano.

"Ndi adadi," anatero mwanayo. "Amabaya ine m'malo mwawo."

Nachisale anamupeza bamboyo ali gone pamkeka. Anamupanikiza dzanja ndi bondo n'kumucheka chala ndi mpeni wa anyezi.

"Mayi a Tadala, atimana mafuta!"

"Atimane," anatero Nachisale, akufinyira chalacho pa kamakina mpaka kanawala mofiira. "Koma magaziwo akhale anu."